Bango la padambo

Amayi anga anamwalirira m'galimoto, padambo lomwe lili pakati pa mudzi wathu ndi msewu wa ku Mitundu. Munali mu Febuluwale. Galimotoyo, chiphapha chokoka mawilo onse anayi chomwe amuna anga anagula pa okushoni, sinafe injini ayi. Ngolo zinali zitakumba ngalande ziwiri mumsewu, pakati n'kutsala mzere ngati wa mbatata. Galimoto inakhalira mimba pamzerepo, mawilo n'kumangozungulira m'matope. Tinakumba ndi makasu mpaka dzuwa kupendeka. Kuchipatala ku Nkhoma sitinafike.

Chaka chomwecho mng'ono wanga anaima, ndipo anamwino anati asadzayerekeze kuchirira kumudzi. Nditawerenga miyezi, inagwera m'dzinja momwemo. Ndinalumbira kuti dambo lija silidzatidyeranso munthu.

Mu Okutobala matope ataumiratu, ndinapita padambopo ndi bango. Ndinaliimika m'ngalande yozama kuposa zonse, ndi kulidula molingana ndi msinkhu wa mzere. Nditakaliyesa kunsi kwa galimoto, linakana kulowa. Linkatalika ndi zala ziwiri.

Nthawi imeneyo matipate anali atangobwera, ndipo katundu wa kaunjika anali mbwee, matayala omwe. Tinapita ku Nathenje kwa bambo wina wachisilamu wogulitsa matayala. Amuna anga maso anali pa matayala onenepa, otambalala, ngati a galimoto za aphungu atsopano. Panalinso ena a kumaiko achisanu, okhala ndi timisomali, ndiye iwo ankangowasisita.

"Awa ndiye a mabwana," anatero.

"Mabwanawo amadutsa padambo lakwathu?" ndinawafunsa.

Ndinatulutsa bango m'chitenje. Anthu omwe anali pakhondepo anafa nalo phwete. Amuna anga anachita manyazi, nati, "Mayi, manambala alembedwa pa tayala, inu mukubwera ndi kamtengo?" Ine manambalawo sindinkawadziwa, ndipo sindinachite nawo manyazi. Ndinkadziwa dambo.

Mwini sitolo sanaseke. Nditamufotokozera, anati, "Mayi, inu mukufuna aatali, owonda, a mano akuya. Onenepawa amayandama pamatope, owonda amaboola n'kukaponda pouma. Koma akhale ofanana onse anayi, mukasakaniza mudzathyola magiya."

Anali nawo atatu okha. Amuna anga anati lachinayi tiikepo lililonse. Ndinakana. Tinabwererako kanayi, mvula yoyamba n'kugwa, iwo akung'ung'udza njira yonse za petulo. Tsiku lomwe lachinayilo linapezeka, atamanga onse anayi, ndinagona pansi ndekha pamaso pa anthu, chitenje chili fumbi lokhalokha, n'kuimika bango kunsi kwa galimoto. Linalowa, n'kutsalako kampata.

Matenda anamuyamba mng'ono wanga m'mawa wina mvula itagwa masiku atatu. Ndinakhala naye kumbuyo, mutu wake uli pamiyendo panga, malo omwe aja anagona amayi. Titalowa m'dambo ndinatchera khutu. Ndinamva udzu wa pamzere ukukhula kunsi kwa galimoto, mawilo akuterereka, kenako akugwira. Khosi la amuna anga linali thukuta lokhalokha.

Titakwera kumtunda, mng'ono wanga anatsegula maso.

"Akulu, tafika padambo paja?"

"Tadutsa kale."

Iye anati, "Basi? Pafupi chonchi?"

Apa ndi pomwe ndinalira, ndipo sindinkalira ndi chimwemwe ayi. Amayi anga anatisiya chifukwa cha zala ziwiri.