Bulangete la M'kabati ya Matsache

Azakhali anga asesa kukhoti zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo matako awo sadziwana ndi mpando. Ngakhale pamaliro amadzuka kukandanditsa nsapato za anthu pakhomo. Sukulu analekera sitandade 2, koma obwera ku milandu anawapatsa dzina loti a Jaji.

Anawapsetsa mtima ndi womasulira. Woweruza anene rulingi, iye akuti chigamulo. Anene oda, jajimenti, sentensi, iye chigamulo chomwecho. Anthu ankalira tsiku losayenera kulira, ena n'kubwera chimanjamanja tsiku lomwe m'bale wawo akukalowa kundende.

Mawuwo azakhali anawaphunzira ndi maso, ataima pakhomo mopu ili m'manja.

"Rulingi ndi zapanjira, mlandu ukadalipo," amawauza anthu pabenchi. "Mudzaona maloya akufufuza tsiku lina m'mabuku mwawo. Oda, wina amathamanga ndi pepala kukadinditsa, pali choti chichitike. Jajimenti, abwana amaitanitsa jagi ya madzi, poti awerenga mpaka kukhosi kuume, ndipo mpamene umamva ngati walakwa. Sentensi ndiyo zaka zako, wapolisi amachita kusendera. Ziwiri zomalizazi, tengani bulangete ndi sopo."

Akhala akulangiza ana a eni chonchi osalakwitsa n'kamodzi komwe. Chaka chatha linafika tsiku la wawo. Msuweni wanga, mwana wawo yekhayo, dalaivala wa minibasi, anagunda wanjinga, munthuyo n'kumwalira. Anatuluka pa belo, mlandu n'kumayenda miyezi isanu ndi itatu.

Dzulo lake la tsiku lomaliza, mkazi wa msuweniyo, ali ndi pakati potopa, anawafunsa azakhali, ine ndili pomwepo: "Amayi, mawa nditenge chiyani?"

"Palibe, mwana wanga. Ndi rulingi chabe. Kagone."

Ine zinandinyansa, chifukwa masana omwewo ndinawapeza akutsuka jagi ya abwana.

M'mawa anakolopa khonde la khoti katatu, poyera kale. Sanalowe m'chipinda cha mlandu. Woweruza anawerenga ola ndi theka, madzi anatha theka la jagi, kenaka anati msuweni wapezeka wolakwa, belo yathera pomwepo, akadikire sentensi ali m'kati.

Mlamu wanga anatuluka akudzandira, nawapeza azakhali pakhonde.

"Amayi, munati rulingi! Inu simulakwitsa, amayi! Ndiye afunda chiyani uko?"

"Ndikanakuuza, ukanagona iwe ndi mimbayo?"

Anasolola kiyi wa m'khosi, natsegula kabati yomwe amasungiramo matsache. Kuseri kwa zidebe anatulutsa bulangete lopindidwa bwino, sopo ali m'kati, nandipatsa kuti ndithamangire nalo galimoto ya kundende isananyamuke.

Ndikuthamanga ndinamva fungo lake, misozi n'kundituluka. Linkanunkha polishi wapansi mpaka m'kati mwa ulusi. Bulangetelo linalowa m'kabatimo tsiku lomwe mlandu unayamba.