Likhweru la Delyth

Delyth Probert ndinakula naye, ndipo sindinama, sanali chiphadzuwa. Masaya ake anali ofiira ndi mphepo ya kuphiri, milomo yopyapyala, yong'aluka nthawi yozizira. Koma milomo yomweyo inkatulutsa likhweru lomveka mpaka kutsidya kwa chigwa. Bambo ake anamuphunzitsa asanayambe n'sukulu yomwe, ndipo agalu ake ankamumvera kuposa mmene ana anga amandimvera ine.

Mwamuna wake, Emyr, atapenga ndi mtsikana wogulitsa mankhwala a ziweto, banja linatha. Emyr anatenga thirakitala ndi munda wa kutsidya, n'kukakhala komweko. Ankafunanso Mot, galu wokusa nkhosa, koma Mot ankadziwa likhweru limodzi lokha. Emyr ankaimba mpaka misempha kutuluka m'khosi, galu n'kumangoyasamula. Choncho Mot anatsala, ndipo pa zonse za banjalo, ndi chokhacho chimene Delyth ankanyadira.

Kenaka wina wachifundo anamuuza kuti akuoneka wotopa. Delyth anapita kutauni kwa Kayleigh, amene amabaya anthu jekeseni wofufumitsa nkhope kuseri kwa saluni. Ulendo woyamba anabwerako bwino, ndivomereze, ngati munthu amene wagona mokwanira. Ndinamuuza kuti alekere pomwepo. Koma ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kayleigh, mwana wamaso akuthwa, ulendo uliwonse ankapeza malo otsala: tsaya ili, chibwano, milomo, milomonso. Ankati pang'ono pokha, palibe angadziwe. Zoonadi palibe anadziwa, kupatula aliyense amene ali ndi maso. Tiyi anayamba kumadontha pachibwano, ife n'kumayang'ana kudenga.

Miyezi yotentha nkhosa zimadzidyera zokha kuphiri, likhweru silifunika kwenikweni. Linafunika tsiku lozitsitsa, pamene alimi tonse timakwera limodzi, aliyense ndi galu wake, poti phirilo ndi la tonse. Emyr analipo. Tili mkati, kagulu ka nkhosa za Delyth kanapatuka n'kulunjika kuphompho.

Delyth anaika zala m'kamwa. Kunatuluka mpweya ndi malovu. Anayesanso, chimodzimodzi. Mot anali atagona pansi, makutu ali tcheru, akumuyang'ana pakamwa, kudikira.

"Ayi, kukongola mwakongola, mayi," anatero Emyr. "Koma nkhosa zanu zikupita."

"Zisiye, si zako."

Emyr anaimba likhweru lake lija lachabechabe. Mot anamuyang'anabe Delyth kanthawi ndithu, kenaka anadzuka n'kuthamanga. Nkhosa zonse zinabwerera. Ine amene ndinaseka milomo imeneyo miyezi yonseyi, tsiku limenelo mtima unandipweteka.

Sabata yotsatira Delyth anapita kwa dokotala weniweni kukasungunulitsa zonse. Dokotala anati akhoza kusiyako pang'ono m'masaya, iye anati achotse chilichonse chimene sanabadwe nacho. Milomo inaphwa, makwinya anabwerera m'malo mwawo osasochera ndi limodzi lomwe, ndipo patapita nthawi likhweru nalo linabwerera. Kayleigh akuti amamudandaula kwambiri, akuti mayiyo wadzitaya.

Delyth akuwetabe nkhosa zake, ndipo Mot akugonabe pakhomo pake. Akamuimbira likhweru amapita. Kungoti masiku ano, asananyamuke, amayamba watembenukira kutsidya, kumvetsera ngati kukubwera likhweru lina.