Khoswe wa Abiti Saidi

Dzulo ndinalowa m'sitolo ina pa Mangochi kukagula ulusi, ndipo fungo la lubani linandiimitsa pakhomo. Ndi mmene inkanunkhirira nyumba ya Abiti Saidi, mayi amene tinayandikana nawo ku Nkope.

Abambo anga anali msodzi wakhama, koma akagulitsa nsomba ankadzera ku kachasu. Nyimbo yawo ikangomveka kumsewu, Abiti Saidi ankatulukira pakhomo pathu akupukuta manja pachitenje.

"Anachisale, ndibwerekeni Esinati," ankatero kwa amayi anga. "Khoswe uja wabweranso. Ndekha sindingathe."

Amayi sankafunsa kanthu. Ankangondikankha pamsana kuti ndifulumire.

Ndinkadabwa kuti munthu wamkulu chotere, wodzisenzetsa yekha dengu la usipa, n'kumaopa khoswe. Ndinkatenga kandodo kanga n'kukakhala pafupi ndi matumba a mpunga, maso ali tcheru. Iwo ankafukiza lubani, kundipatsa chitumbuwa chotentha, n'kukweza wailesi mpaka sitinkamvanso zakunja. Akapita kukaona abale ku Makanjira, khosweyo ankasamukira kwa Anabanda, mayi wa kutchalitchi kwathu. Sindinamuonepo n'komwe, koma onse ankanditama kuti ndine wolimba mtima.

Ndinali nditabereka kale ana anga pamene amayi anandiululira kuti azimayi a pamudzi anachita kupangana kuti ndisamapezeke pakhomo abambo akaledzera, ndipo amuna awo ndiwo ankapita kukawagwira manja abambowo kuti asamenye munthu. Abiti Saidi anali atamwalira kale. Ndimalakalaka nditakhalanso pamkeka wawo kamodzi kokha, ndiwagwadire, ndinene kuti zikomo.