Buku la Otamba m'Sukulu ya Esinati

Mwana wanga Esinati anachotsa mwana wake kusukulu. Akuti aziphunzirira pakhomo, kuno ku Unit N m'dera la Seke, kwa eni Chishona, patebulo lomwe timadyerapo. Mphunzitsi ndi Esinati, hedimasitala ndi Esinati, woliza belu ndi Esinati yemweyo. Ine anandipatsa udindo wokhala chete.

Ine kukhala chete? Amene timapemphera limodzi ku Zengeza 3 mukudziwa kuti ndikaima kupereka zilengezo, chimkuzamawu amachizimitsa.

Lolemba ndinamupeza akusankha mabuku a nthano oti Tariro, mdzukulu wanga wa zaka khumi ndi zitatu, awerenge chaka chino. Ena a Chingelezi, ena a Chishona. Lililonse amayamba walinunkhiza ngati nyama ya pamsika: mulibe zotukwana? Mulibe zachibwenzi? Mulibe zamizimu?

"Nanga la Chichewa lili kuti?"

"Ababa, tsitsani mawu. Tariro Chichewa amangomva, amayankha m'Chishona."

"Chifukwa chake n'chomwecho."

"Chabwino, bweretsani limodzi. Koma mukapezeka zoipa, Chichewa chatuluka m'sukulu muno, musadzandifunsenso."

Ndinapita kwa mnzanga wina ku Unit A amene amasunga katoni ya mabuku akale ochokera kumudzi. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, ndipo sindichita nazo manyazi. Nyumba zimene ndinamanga m'Seke muno zikuimabe. Buku ndimasankha monga ndimasankhira njerwa: kulinyamula, kuligogoda, kumva kulemera kwake. Ndinatenga lolemera kuposa onse.

Lachitatu masana Tariro anakhala nalo pakhonde, osadzutsa mutu. Esinati anamufunsa kuti nkhani yake ndi yotani. Mwana anafotokoza m'Chishona, maso akuwala. Akuti muli azimayi achikulire okonda kutamba. Amasiya amuna awo ali m'tulo, n'kukwera lichero kupita kukatamba kumanda.

"Kumanda?" anatero Esinati. "Mudzi wawowo unalibe bwalo?"

Inu obadwira kuno, mvetserani. M'Chishona kutamba ndi kusewera kapena kuvina, ana amatamba mumsewu tsiku lonse. Kwathu otamba ndi mfiti basi. Esinati naye anabadwira konkuno, Chichewa chake n'chobookabooka ngati sefa. Mphunzitsi ndi wophunzira onse ankaona timagogo tosewera phada pamanda.

Apa ndinaona kuti ndikangogwira udindo wanga uja, Chichewa chipulumuka. Ndinayesa. Ndinaluma mlomo, ndinayang'ana kudenga. Kenako mwana uja anati, m'Chishona chomwecho, naye akanakonda kupita kukatamba ndi azimayi amenewo.

"Mdzukulu wanga satamba!"

Akuti mawuwo anamveka mpaka pokwerera makombi, maminibasi a kuno. Ndinafotokoza zonse: lichero lija, manda aja, ndi nyama imene amadya kumeneko. Esinati anatambasula dzanja kuti alande bukulo.

Tariro analikumbatira pachifuwa.

"Amayi, dikirani ndimarize. Ndikufuna ndione ngati awagwira."

Ndimarize, ndi lilime la Chishona, koma chinali Chichewa. Kuyambira tsiku limene anabadwa, mwanayu anali asanatiyankhepo m'chinenero chathu. Ndamukalipirapo, ndamunyengererapo ndi masiwiti, osatheka. Zimene zinandikanika ine zatheka ndi mfiti za m'buku.

Makolo a masiku ano, ndikufunseni. Mumasefa mabuku mpaka kutsala madzi okhaokha, ndiye mumadabwa kuti mwana akuyasamula? Wa zaka khumi ndi zitatu si khanda. Amafuna nkhani yomugwira pakhosi, yoti aziiwala kuti akuphunzira. Sindikuti muwapatse zonyansa, ayi. Koma kodi buku limene woipa amagwidwa pamapeto ndi loipa? Komanso mudzasefa bwanji chinenero chimene inu eni simuchimva? Tinabisa Chichewa m'nyumba kuopa kusekedwa, lero ana athu akuitanira adzukulu athu kumanda mosadziwa.

Hedimasitala anagamula kuti bukulo aliwerenga yekha kaye, ndipo analowa nalo kuchipinda. Lachisanu nyemba zinapserera pamoto. Ndinamva akuitana, chitseko chili chotseka.

"Ababa, chizimba ndi chiyani?"

"Tuluka udzafunsire pano. Ubwere ndi wophunzira wako yemwe."

Anabwera onse awiri, n'kukhala patebulo paja, buku lili pakati. Sindinalikhudze n'komwe, zilembo zake n'zazing'ono. Iwo amawerenga, akakodwa amandiyang'ana.

Mpaka lero palibe amene wandiuzanso kuti nditsitse mawu.