Anati Angolifewetsa

Mpaka lero ndikamva mawu akuti "kufewetsa", mtima umandinyamuka. Ndi mawu ofatsa, onenera nyemba pamoto kapena nsapato yatsopano yoluma chidendene. Koma mawu omwewa ndiwo anandiwonongera tsitsi la mwana wanga, ine ndili maso, nditavomereza ndi pakamwa panga.

Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina kuno ku Lusaka, ndipo timakhala ku Chelstone. Nthawi imeneyo mwana wanga wamkazi anali ku pulayimale. Tsitsi lake linali lambiri, lakuda bii, lopotana kolimba moti zipeso za pulasitiki za ku msika wa Kamwala zinkathera mano m'menemo. Loweruka ndinkamukhazika pakhonde pakati pa miyendo yanga, kulinyowetsa, kulidzoza mafuta, kuligawa ndi zala ndisanayambe kuluka. Iye ankalikonda tsitsilo, ndipo ankakangana nane kuti ndilisiye lomasula tsiku lonse anzake alione. Chimenecho ndicho ndinkachilondera usana ndi usiku, chifukwa ine ndinakula ndikuuzidwa kuti tsitsi lotere malo ake ndi m'duku.

Ndiye kunabwera ukwati. Wokwatiwa anali mwana wa alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, amene amakhala ku Woodlands. M'banja limenelo alamu akatsokomola, aliyense amati anena zoona. Anasankha mwana wanga kuti akhale mmodzi wa atsikana owaza maluwa patsogolo pa mkwatibwi, ndipo ukwati utayandikira anatulukira pageti pathu ndi galimoto yawo.

"Ba mulamu, nizamutenga uyu mwana, tiyende ku saluni ku Kabwata na anzake," anatero. "Tsitsi yake ni yolimba maningi. Tizaifewetsa chabe pang'ono."

"Mafuta yake nili nayo, nikupatseni?" ndinafunsa.

"Osavutika, kuja kuli vonse."

Ine m'mutu mwanga munali madzi, mafuta ndi nthunzi, chifukwa kwathu kufewetsa tsitsi la mwana ndi kumeneko. Kumbali kwawo kufewetsa ndi mankhwala aja oyera a m'kachitini owongolera tsitsi. Dzina la mankhwalawo amalidziwa bwino lomwe, amalitchula okha akamacheza ndi anzawo. Kwa ine anasankha mawu ofewa chifukwa ankadziwa kuti akatchula dzinalo, mwana satuluka pageti.

Atabwera naye madzulo, chinayamba kundifika ndi fungo, fungo lija lobaya mphuno. Kenako ndinamuona. Tsitsi linali litagona pamutu, lili pyee mpaka m'khosi, ngati la chidole cha m'sitolo. Nditamupenda mutu ndinapeza kuseri kwa khutu kwatupa, khungu lasupuka, kukutuluka timadzi.

"Inali kuwawa, mami," anandinong'oneza. "Koma ba anti anakamba ati nisalile, yasala pang'ono."

Ndinawafunsa alamu kuti ndani anawapatsa chilolezo chothira mankhwala pamutu pa mwana wamng'ono chonchi. Iwo anaseka, makiyi a galimoto akuzunguza pa chala.

"Nanga mwakalipa chani? Munavomela mweka. Akasamba kawili katatu izabwelela."

Bodza limeneli ndilo linandipsetsa mtima kuposa chilonda. Silibwerera! Chaka ndi chaka ndimaima kutsogolo kwa ana a eni ndikufotokoza zimenezi. Tsitsi ndi puloteni yotchedwa keratini. Puloteni iliyonse imapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono, maamino asidi, totsatana ngati mikanda pa ulusi. Koma ulusiwo sungokhala tambalale. Umapindika, umazungulira, mkanda wa kuno nkukagwirana ndi mkanda wa kutali kapena wa pa ulusi woyandikana nawo, ndipo kugwirana kumeneko ndiko kumapatsa puloteni maonekedwe ake. Kugwirana kwina ndi kofooka, madzi kapena kutentha kumakumasula, kenako kumabwereranso. N'chifukwa chake tsitsi lowongola ndi chipeso chamoto limabwerera mwakale mvula ikangolinyowetsa. Koma pali amino asidi wina, sisitini, amene ali ndi sulufule. Awiri oterewa akakumana, sulufule wa uyu amagwira sulufule wa mnzake, nkumanga mfundo yolimba imene madzi sangaimasule. Mfundo zimenezo ndizo zimasunga kupotana kwa tsitsi ndi mphamvu zake. Mankhwala aja amadula mfundozo, zotsalira nkugwirana mwa mtundu wina, tsitsi lili chiwongokere. Ndipo tsitsi limene latuluka kale pakhungu lilibe moyo woti nkudzikonza lokha.

Ndinayamba kuwauza zimenezi pageti pomwepo. Sindinafike ngakhale pa sulufule.

"Ba ticha, apa si mu kilasi," anandidula. "Mwana waoneka bwino, muziyamikako."

Ndinayang'ana amuna anga, amene anali ataima pomwepo. Munthu amene amatsutsa ngakhale wowerenga nkhani pa wailesi, tsiku limenelo anasanduka nkhosa. Anangokanda kumutu nkunena kuti zachitika kale, tisawononge ukwati wa mwana wa eni. Za mutu wa mwana wake yemwe sanazione ngati kuwonongeka.

Phwando la ukwati linali pa kapinga wa nyumba ina ya mpanda wautali ku Kabulonga. Ndinapita, ndinavala chitenje cha banja monga aliyense, ndinaomba m'manja pamene ena akuomba. Chilonda chija anachibisa ndi duwa la nsalu. Amayi a mbali ya amuna anga ankamuitana mwana wanga mmodzimmodzi, kumusisita mutu, kumutembenuza uku ndi uku.

"Ah, ni uja uyu? Lelo waoneka mwana wa munthu!"

"Manje wawama. Osati vija venze pamutu."

Akuluakulu a mano awo, anthu opita ku tchalitchi mlungu uliwonse, kumuuza mwana pamaso kuti masiku onsewa sanali mwana wa munthu! Ndinkafuna kugubuduza tebulo la keke. Mwana wanga ankangomwetulira mwamanyazi, akupukusa mutu pang'onopang'ono kuti tsitsi ligwedezeke, ndipo mawu onsewo ankalowa.

Chilonda chinapola. Tsitsi ndilo linayamba kuthothoka patapita milungu ingapo. Pansi pankamera lake lopotana, pamwamba pali lowongoka lija, ndipo pokumanira awiriwa mpamene pankaduka. Ndinkalipeza pa pilo, pa kolala ya yunifolomu, m'chipeso. Kumbuyo kwa mutu kunayamba kuoneka zigamba. Ndinayesa mafuta onse amene ndimawadziwa, ngakhale mumtima ndinkadziwa kuti mafuta samanga mfundo yoduka. Alamu atamva, anatuma uthenga kudzera kwa mlongo wawo, amuna anga, kuti vuto ndi langa, ndachedwa kumupititsa kuti akathirenso mankhwala pa lomera kumenelo. Ndiye kuti mwana azipsa mutu miyezi ingapo iliyonse mpaka akule, kuti azakhali ake asangalale pa zithunzi.

Ndinakana. Panatsala njira imodzi, kulimeta lonse kuti liyambirenso. Ndinamufotokozera mwana modekha. Tinapita kwa wometa wa pafupi ndi msika wa Chelstone, pamene pamameta abambo ndi ana asukulu. Anamukhazika pa thabwa loika pamwamba pa mpando, nkumukulunga nsalu m'khosi. Makina atalira, ndinayembekeza kuti alira nayenso, koma anangokhala duu, maso ali pansi pomwe tsitsi linkagwera. Amene misozi inalengeza ndine, ndipo inali ya ukali. Zaka zonse zija za pakhonde zinathera pa simenti, wometa nkuzikankhira pakona ndi tsache.

Asanamalize kusesa, mwana anatsika pampando, anawerama, natola kachingwe kamodzi ka tsitsi lowongoka lija. Anakapukuta fumbi bwinobwino nkukaika m'thumba la diresi.

Pobwerera kunyumba ndinayesa kumulimbitsa mtima. Ndinamuuza kuti mizu ili bwino, mankhwala sanafike kumene tsitsi limapangidwira, ndipo limera lonse lolimba, lopotana, lake lenileni monga kale. Ndinkalankhula mokondwa, ndikuganiza kuti ndikumupatsa nkhani yabwino. Iye anaima pakati pa njira, dzanja lili m'thumba muja, nandiyang'ana ndi kamutu kake kometa.

"Mami, izabwela monga kudala, monga kale?"

"Ee, mwanawe, ndendende."

"Ndiye kuti nizankhalanso futi woipa?"

Minibasi inatiimbira hutala kuti tipatuke. Ndinamukokera m'mbali mwa msewu, ndipo ndinamugwira dzanja mwamphamvu mpaka anadandaula kuti ndikumupweteka.