Timitsamiro ta Alamu

Ku Iten aliyense amathamanga, ngakhale nkhuku zimadzuka m'mamawa kukazungulira khola zisanatole kanthu. Koma palibe amene anathamanga zaka zambiri osawina ngakhale supuni ngati Kibor Chelimo, yemwe anzake ankamutcha Bakha.

Dzinalo linachokera ku mapazi. Phazi la munthu limakhala ndi kamphako pakati, poti nyerere n'kudutsa osapondedwa. La Kibor linali lathyathyathya ngati chapati. Akaponda m'matope, ana ankabwera kudzaphunzira kusambira momwe wapondamo. Akamathamanga ndi gulu, phokoso la phwaa phwaa linkamveka mpaka ku Eldoret, anthu n'kumati kuli amayi akuchapa mabulangete pamwala.

Mpweya anali nawo, wokwanira kugawirako bulu. Chinkamugwetsa n'chakuti akafika kutali mapazi ankayaka moto, anzake n'kumupitirira mmodzimmodzi akumufunsa ngati dziwe lili pafupi. Choncho moyo wake wonse unathera pofunafuna timitsamiro toika m'nsapato, tochirikiza phazi. Anapisa m'milu yonse ya pa kaunjika mpaka ogulitsa anayamba kumupatsa moni wa pachibale. Anadula siponji ya matiresi, mkazi wake Jerotich n'kugona mwezi wathunthu miyendo ili pa thabwa. Anayesa chikopa cha ng'ombe, agalu a m'mudzi monse anamuperekeza mpaka kutchalitchi.

Imvi zitayamba kusuzumira, kunamveka kuti kukubwera mzungu wodzasankha amuna angapo oti azikatsogolera liwiro m'mipikisano ya kunja. Jerotich sanazungulire. Anauza Kibor kuti akapanda kusankhidwa ulendo uno, nsapato azipachike, apite kwa bambo ake akawete ng'ombe, chifukwa ana sadya fumbi la mumsewu.

Jerotich anali ndi mchimwene wake, Kipsambu, katswiri wa mamendulo ndi galimoto yakuda. Phazi lake linali ndi mphako yoti mbuzi n'kubisalamo mvula, ndipo dokotala wa ku Ulaya anamuumbira timitsamiro tolimba totsata mphakoyo. Mwambo wa othamanga ngwakuti katswiri akatopa ndi chinthu amapatsa wam'munsi, wolandirayo amalandira ndi manja awiri, osafunsa. Kipsambu anaitana Kibor pamaso pa anzake akumwa tiyi.

"Alamu, tengani. Liwiro langa lonse lili umu," anatero, akutsinzinira anzake diso. "Timitsamiroti tikamaluma, ndiye kuti tikugwira ntchito."

Kibor analandira ndi manja awiri. Ataika m'nsapato n'kuimirira, zinali ngati waponda nthangala za mapeyala. Munthu wina akanavula pomwepo. Koma Kibor anavinidwa, ndipo kumeneko anaphunzira chinthu chimodzi chimene sanaiwale: mwamuna saphethira pa mpeni. Ndiye angaphethire pa kapulasitiki? Anathamanga nato tsiku ndi tsiku. Phazi lamanzere linatupa mpaka mphaka anayamba kuligonera. Jerotich atafunsa, anamuyankha kuti phazi likuphunzira. Mkaziyo anakadandaula kwa mchimwene wake, iye anaseka mpaka kutsamwa ndi mursik, mkaka wowawasa uja, n'kunena kuti bakha akafuna kukhala mbawala asaletsedwe.

Tsiku la mpikisano Kibor ananyamuka ngati waba. Kwa kanthawi anali patsogolo penipeni, ndipo phwaa phwaa uja sanamveke, anthu m'mbali mwa msewu n'kumayang'anana. Mumtima anayamba kale kusankha mpando wa pawindo m'ndege. Pokwera chitunda china, m'phazi munamveka thyoo, ngati phesi louma. Amene anali pambali pake amalumbira mpaka lero kuti mbalame zinauluka m'mitengo.

Sanaime. Anamupitirira achinyamata, anamupitirira achikulire, anamupitirira ndi mayi wina wosenza nkhuni amene sanali mumpikisano n'komwe. Pofika pomalizira, mzungu anali atasankha anthu ake, atamwa tiyi, atapita. Nkhope ya Kibor inali gwa, diso losaphethira, monga anamuphunzitsira. Palibe anaona zimenezo kupatula Kipsambu ndi anzake, atatsamira galimoto yake.

"Alamu, mwafika? Ife timati mwakhotera ku Uganda." Anzake anaseka mpaka kugwirana mapewa. Kenaka Kipsambu anatambasula dzanja. "Bwezani timitsamiro tija. Pali wina wa phazi la munthu akutifuna."

Kibor anakhala pansi. Nsapato inakana kuvuka, anachita kuing'amba ndi mpeni wa munthu wogulitsa chinanazi. Anatulutsa timitsamiro, anatipukuta pa malaya, anapereka ndi manja awiri n'kuthokoza.

Lero ali kwa bambo ake, amatsimphina kumbuyo kwa ng'ombe. Kuchipatala anapita mochedwa, poti mwamuna sathamangira dokotala, ndiye fupa linalumikizana mokhota, phazi n'kutumphuka pakati. Gulu la othamanga likamadutsa m'mawa, amamukuwira kuti Bakha waipeza mphako yake, wangotsala mwendo winawo. Kipsambu akabwera kudzaona mlongo wake amafunsa ngati abweretse kamtsamiro kamodzi, kamalizitse ntchito kuphazi linalo. Kibor amamupatsa mpando, iye mwini n'kukhala pansi, phazi lokhotalo atalibisa kuseri kwa linzake.