Chisanu cha Chaka Chimene Amayi Anatsikira Kuchigwa

Kuseri kwa kalasi yathu ya Sitandade 5 kunali mapiri adongo amene tinaumba tokha. Aphunzitsi anatiuza kuti tiumbe dera lathu monga liliri: phiri la Ntchisi lalitali kuposa onse, zitunda za Dowa zondondozana, kenako matsitso odzera ku Mvera mpaka kuchigwa. Ankaloza ndi kamtengo n'kumati, "Mwera ukagunda mapiri athuwa umabweretsa nkhungu ndi mawawa. Kumunsi uku n'kofunda chaka chonse."

Chisanu cha chaka chimenecho sindinachionenso. M'mawa nkhungu inkabisa ngakhale nkhokwe ya pakhomo pathu. Mame ankaluma zala zakumapazi popita kusukulu, milomo itang'ambika, miyendo ili mbuu.

Amayi anayamba kutsokomola titangomaliza kukolola. Iwo anali pachitengwa. Kwawo kunali kuchigwa komweko, ndipo bambo ankagwira ntchito kuesiteti ya fodya ku Kasungu. Kawiri konse amayi anapita kuchipatala cha paboma, n'kubwerako ndi mapilitsi m'kapepala. Dzuwa likaboola nkhungu cha m'ma teni, ankayala mphasa kuseri kwa nyumba kumene mphepo sinkafika, n'kumaothera atafunda bulangete. Ndikaweruka ankati, "Tandisisita pamsana apa, mwanawe." Nthiti zawo zinkamveka m'manja mwanga ngati mbalo za denga.

Mu Julayi kunabwera malume pa njinga. Anawayang'ana amayi nthawi yaitali, kenako anatuluka panja akupukuta m'maso. Ine ndinkati ndi utsi wa m'khitchini. Atabwerera anati, "Mlongo wanga, tiyeni kwathu. Kuno kukuzizira."

Ndinakondwa. Mpaka lero mtima umandipweteka ndikakumbukira mmene ndinakondwera. Kutacha ndinathamangira kwa aphunzitsi n'kuwauza kuti, "Amayi akupita kofunda kuja munanena, akachira!" Anangondigwira pamutu, n'kundiuza kuti ndikalowe m'kalasi. Kwa zaka zambiri ndinkawakwiyira chifukwa chosandiuza zoona. Tsopano ndili ndi ana angaanga, ndipo sindikudziwa kuti ndikanati chiyani.

Tsiku lonyamuka amayi anaitana azimayi oyandikana nafe. Wina anamupatsa khasu, wina lichero, ena zitenje zimene zinkakhala pansi pa sutikesi. Ine anandipesa tsitsi pang'onopang'ono, akupumira m'njira, ngakhale kuti linali lopesapesa kale. "Uzimvera azakhali ako," anatero, poti ndinkatsala ndi alongo awo a bambo. Malume anawakhazika pakaliyala n'kuyamba kukankha njinga kutsika chitunda. Asanafike n'komwe pamtsinje, nkhungu inali itawameza.

Amayi anamwalira mu Ogasiti, mphepo isanaleke. Koma m'mawa wa tsiku lonyamuka lija ine ndinaima pachulu ndikukweza mkono, ndikukuwa kuti adzanditengere bwemba pobwera. Ndinali ndisanadziwe kuti munthu wopita kukachira sagawa zitenje zake.